Ndalama za Khirisimasi za kunja ndi makobidi a m'chitini cha agogo

Mwezi wa Novembala ukamapita kumapeto, mafakitale osula ndalama a ku Ulaya amakhala pa kalikiliki. Amatulutsa ndalama zachitsulo zapadera za nyengo ya Khirisimasi, zina zojambulidwa mtengo wovekedwa nyali, zina ana akusewera pa chipale chofewa, zina oimba ataima pakhomo usiku. Chilumba cha Isle of Man, chimene chili pakati pa Britain ndi Ireland, chinayamba mwambowu mu 1980 ndi ndalama ya 50 pence, ndipo chinkasintha chithunzi chaka ndi chaka. Gibraltar inatsatira mu 1988. Royal Mint, fakitale imene imasula ndalama za dziko la Britain, inatulutsa mu 2016 ndalama yasiliva ya mapaundi 20 yosonyeza kubadwa kwa Yesu, ndipo amene anaijambula ndi bishopu wa ku Wales, Gregory Cameron. Kuyambira mu 2018 fakitale yomweyo yakhala ikutulutsa 50 pence ya The Snowman, munthu woumbidwa ndi chipale wa m'buku la ana la Raymond Briggs. Ku Israel nako banki yaikulu inayamba mu 1958 kutulutsa ndalama za chikondwerero cha Hanukkah, chimene chimagwa nyengo yomweyi. Anthu amazigula, kupatsana ngati mphatso, n'kumaziika mu alubamu motsatira zaka.

Kwathu kuno mwambo wotere kulibe. Disembala ndi mwezi wa thukuta, mvula ndi khasu, ndipo ndalama imene timagwira pa msika wa Nkando sisintha nkhope chifukwa cha nyengo. Ambiri a ife sitiwerengeranso Khirisimasi ngati tsiku lopatulika. Komabe tchuthi chimatibweza kumudzi, ndipo m'nyumba zambiri za m'dera lino muli chitini, mpango womanga mfundo kapena kabokosi ka pansi pa sutikesi, mmene mukugona makobidi amene sagulanso kanthu. Iyi ndi nyengonso imene pakhomo pamasowa ndalama: feteleza wobereketsa akufunika, fizi ya Januwale ikuyandikira, nkhokwe yayamba kuoneka pansi. Munthu akabwera n'kunena kuti akugula ndalama zakale, chitini chija chimatuluka msanga. Ndiye ndi bwino tidziwe zimene zili m'menemo tisanagulitse, komanso tisanalote mamiliyoni amene kulibe.

Tiyambe ndi tanthauzo. Ndalama yachikumbutso ndi imene boma, kudzera ku banki yake yaikulu, lalola kuti isulidwe pokumbukira chinthu china: ufulu wa dziko, munthu wotchuka, chikondwerero. Ilipo ya mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri amene amapusitsidwa amakhala kuti sanasiyanitse mitunduyi. Mtundu woyamba umalowa m'manja mwa anthu ngati ndalama ina iliyonse, umagula mchere ndi sopo, ndipo umasulidwa wochuluka zedi. Mtundu wachiwiri supita kumsika n'komwe. Umasulidwa wochepa, kawirikawiri ndi siliva kapena golide, umadindidwa mosamala mpaka kuwala ngati galasi, zimene osonkhanitsa amazitcha proof, ndipo umagulitsidwa uli m'kabokosi pa mtengo woposa kutali nambala yolembedwa pa ndalamayo. Ya The Snowman ija yalembedwa 50 pence, koma palibe amene amaipeza pa tchenji kapena kuigula pa 50 pence. Nambalayo ili ngati dzina chabe.

Malawi ali nazo ndalama zake zachikumbutso, ngakhale kuti ambiri a ife sitinazigwirepo. Mu 1966 kunatuluka crown, ndalama yaikulu ya masheleni asanu, yokumbukira tsiku la 6 Julayi pamene dziko lino linakhala lipabuliki. Mu 1971 kunatuluka ya kwacha imodzi yokumbukira kusiya mapaundi ndi kuyamba kwacha ndi tambala. Mu 1974 kunasulidwa yasiliva ya K10 ya zaka khumi za ufulu, ndipo chaka chotsatira inanso ya K10 ya zaka khumi za Reserve Bank of Malawi, imene inayamba ntchito mu 1965. Zokongola kuposa zonse, m'kuona kwathu, ndi za mu 1978 zolimbikitsa kuteteza nyama zakutchire: ya K5 ya mbidzi, ya K10 ya mphalapala, ndi yagolide ya K250 ya nyala. Zambiri mwa izi zinagulidwa ndi osonkhanitsa a kunja, ndipo lero n'zosavuta kuzipeza pa misika ya pa intaneti ya ku London kapena Berlin kusiyana ndi kuzipeza ku Limbe. Zimatikhumudwitsa ndithu kuti mwana wa ku Mulanje angamalize koleji osadziwa kuti dziko lake linasulapo mbidzi pa siliva.

Koma m'chitini cha agogo simupezeka zimenezo kawirikawiri. Mumapezeka ndalama wamba zimene zinagwira ntchito, ndipo kwa ife zimenezi ndiye zili ndi nkhani yaitali. Nkando ili pa msewu wa Midima, pakati pa Limbe ndi boma la Mulanje. Kutsogolo kwake kuli minda ya tiyi, kupitirira apo kuli chipata cha Muloza ndi tauni ya Milange ku Mozambique. Anthu a kuno akhala akuyenda mbali zonsezi kwa zaka zoposa zana, ndipo ulendo uliwonse unasiya kobidi lake.

Pansi penipeni pa chitini mungapezeke ndalama za ku Britain za mitu ya mafumu. Izi zinafala pamene boma la atsamunda linakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890. Munthu amene ankakhala bwinobwino ndi mapira ndi mbuzi zake anayamba kufunika masheleni atatu pachaka, ndipo njira yowapezera inali kukagwira ntchito kwa mzungu. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891, ndipo mabanja ambiri achilomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique m'zaka zotsatira anafikira pa minda imeneyi, pansi pa thangata. Sheleni yofufutika imene mwana angaiseweretse pabwalo lero inali thukuta la masiku ambiri. Mawu enieniwo amasunga mbiri ya maulendo. Akatswiri a zilankhulo amagwirizanitsa mawu akuti ndalama ndi dirham ya Aluya, kobidi ndi cobre, dzina la mkuwa m'Chipwitikizi, pamene lupiya imene akuluakulu ena ankatchula inachokera ku rupee ya ku India.

Pamwamba pa izo pali za Southern Rhodesia, zimene zinayamba kusulidwa mu 1932 ndipo zinkagwiranso ntchito kuno ku Nyasaland. Kenako za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zimene zinatuluka kuyambira mu 1955. Izi ndi zimene anthu ambiri amazikumbukira. Kobidi lake linali ndi bowo pakati ndi njovu ziwiri zitaimirira mbali ndi mbali, theka la kobidi linalinso ndi bowo koma ndi akadyansonga. Tiki, kandalama kakang'ono ka makobidi atatu, kanali ndi duwa, ya makobidi asanu ndi limodzi inali ndi mkango, sheleni inali ndi mphalapala, ya masheleni awiri inali ndi nkhwazi itagwira nsomba. Bowo lija linkathandiza anthu amene analibe matumba m'zovala: ankatunga makobidi pa chingwe. Chitaganya chimene makolo athu anachikana mpaka kumangidwa ndi kuphedwa mu 1959 chinatha mu 1963, koma makobidi ake akadali m'nyumba zathu, ataiwalika.

Ndalama zoyamba za Malawi wodzilamulira zinatuluka mu 1964 zili ndi mutu wa Dr. Hastings Kamuzu Banda. Ya makobidi asanu ndi limodzi inali ndi tambala, sheleni inali ndi zisononkho za chimanga zomangidwa pamodzi, ya masheleni awiri inali ndi njovu ndi mwana wake, ya masheleni awiri ndi theka inali ndi chizindikiro cha dziko. Pamene kwacha inabwera mu 1971, paundi imodzi inasinthidwa ndi makwacha awiri, kutanthauza kuti sheleni inafanana ndi 10 tambala. Apa okonza ndalama anachita mwanzeru. Anasunga chimanga chija pa 10 tambala ndi njovu zija pa 20 tambala, kuti mayi wogulitsa chinangwa amene sanapite kusukulu asasokonezeke: ya chimanga inakhalabe ya chimanga, mphamvu yake yomweyo. Ikani sheleni ya 1964 pambali pa 10 tambala ya 1971, mudzaona nokha. Tambala uja anasamukira pa 1 tambala, 2 tambala inalandira kambalame ka mchira wautali, 5 tambala mbalame ya m'madambo ya khosi lalitali. Sitifunika kukumbutsana kuti kwacha ndi tambala anali mawu a ndale asanakhale mayina a ndalama.

Mu 1986 kunabwera 50 tambala ndi kwacha yachitsulo. Ndale za zipani zambiri zitayamba mu 1994, mutu wa Bakili Muluzi unalowa m'malo mwa wa Kamuzu, tambala anachoka pa 1 tambala n'kubwera nsomba ziwiri, ndipo pa kwacha panakhala nkhwazi. Patapita zaka mitu ya atsogoleri inachotsedwa, n'kutsala chizindikiro cha dziko. Ambiri a ife tinakula ndi K5 ndi K10 zolemera zija, za zitsulo ziwiri, zolembedwa chaka cha 2006, zimene zinkang'amba thumba la yunifolomu. Mu 2012 zinalowedwa m'malo ndi zing'onozing'ono zopepuka: K1 ya nkhwazi, K5 ya mbalame ya m'madambo ija, K10 ya njovu. Munthu atazindandalika zonsezi pa mphasa, kuyambira 1964 mpaka 2012, amaona kusintha kwa maboma komanso kufooka kwa kwacha popanda kutsegula buku.

M'zitini za kuno simulephera kukhala zachilendo. Amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ulendowo usanaimitsidwe mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu ambiri, anabwerako ndi matiki ndi masenti a ku South Africa. Ma escudo a Apwitikizi ndi ma metical, amene anayamba mu 1980, anawoloka pa Muloza ndi amalonda komanso ndi othawa nkhondo a m'zaka za m'ma 1980. Achimwene athu a ku Johannesburg a masiku ano amabwera ndi R5 ya nkhope ya Nelson Mandela, poganiza kuti apeza chuma.

Tsono funso limene aliyense amafunsa: kodi zimenezi n'zandalama zingati? Yankho losakoma ndi lakuti zambiri n'zotsika mtengo. Ukalamba wa ndalama pawokha suipatsa mtengo. Zimene osonkhanitsa amayang'ana ndi zitatu, ndipo choyamba ndi kuchepa kwake. Ku Britain kuli 50 pence ya mu 2009 yokumbukira munda wa Kew Gardens. Inasulidwa 210,000 yokha, nambala yochepa kwambiri ku dziko lalikulu chotero, ndipo imagulidwa pa mtengo woposa nambala yake maulendo ambirimbiri ngakhale kuti ndi ya dzulodzuloli. Pamene R5 ya Mandela ya mu 2008, yokumbukira zaka 90 za kubadwa kwake, inasulidwa mamiliyoni ambiri, ndiye imene yadutsa m'manja mwa anthu imangokhala R5 basi, kapena kuposerapo pang'ono. Kobidi labowo la chitaganya lili chimodzimodzi. Linasulidwa lochuluka, lili m'nyumba zambiri kuyambira ku Mulanje mpaka ku Bulawayo ndi Ndola, ndipo chimene aliyense ali nacho sichingadule.

Chachiwiri ndi maonekedwe. Ndalama ziwiri za chaka chimodzi zikhoza kusiyana mtengo kwambiri ngati ina idakali ndi tsitsi la mfumu looneka limodzilimodzi pamene inayo inasalala ngati mwala wa mumtsinje wa Thuchila. Yobooledwa ndi msomali, yopindika kapena yokandika imagwa mtengo nthawi yomweyo.

Chachitatu ndi chitsulo chake, ndipo apa ndi pamene chitini cha agogo chingakhaledi ndi kanthu. Ndalama zoyera zakale zinali zasiliva weniweni, koma osati zonse. Za ku Britain zinali ndi siliva magawo 92.5 pa 100 mpaka mu 1919, theka lokha kuyambira 1920 mpaka 1946, ndipo kuyambira 1947 munalibenso siliva. Za Southern Rhodesia zinali ndi magawo 92.5 kuyambira 1932 mpaka 1942, theka kuyambira 1944 mpaka 1946, kenako n'kusiya. Za ku South Africa zinali ndi magawo 80 kuyambira 1923 mpaka 1950, ndi theka mpaka 1964. Za chitaganya zimene zinkayenda pamsika, ndi za Malawi za 1964, zimawala ngati siliva koma ndi mkuwa wosakaniza ndi nickel. Choncho choyamba kuwerenga ndi dzina la dziko ndi chaka. Tiyerekeze ndi ya masheleni awiri ndi theka, imene imalemera magalamu 14 ndi pang'ono. Ikakhala ya Southern Rhodesia ya mu 1937, muli siliva wokwana pafupifupi magalamu 13. Ikakhala ya ku Britain ya mu 1940, muli magalamu 7. Ikakhala ya chitaganya ya mu 1957, mulibe ndi galamu limodzi lomwe. Mtengo wa siliva pa galamu umalembedwa tsiku ndi tsiku pa intaneti, ndiye wophunzira aliyense wa foni m'manja angawerengere agogo ake wogula asanatchule mtengo wake. Wogula wochenjera amatenga chitini chonse pa mtengo umodzi, akudziwa kuti ziwiri kapena zitatu za m'menemo zibweza ndalama yake yonse.

Pali mphekesera imene imabwera n'kupita ngati chimfine, yakuti ndalama zina zakale, makamaka zabowo, pamodzi ndi simbi zamakala ndi mapulaimasi akale, zili ndi mankhwala otchedwa red mercury amene azungu akuwafuna pa mamiliyoni. Chinthu chimenecho kulibe. Mercury weniweni ndi chitsulo chamadzimadzi chapoizoni, ndipo palibe fakitale imene inaikapo zotere m'kati mwa kobidi. Machenjera ake amayenda chonchi nthawi zambiri: wina amabwera n'kunena kuti bwana wake ali ku Blantyre kapena ku Nampula ndi ndalama zambiri, koma pakufunika kaye ndalama yoyezera, ya mayendedwe kapena yotsegulira njira. Mukapereka, foni imazima. Nthawi zina amakhala awiri ogwirizana, wina wofuna kugula kobidi la chaka chakutichakuti pa mtengo wochititsa kaso, wina wobwera mawa lake ali nalo kobidilo, akuligulitsa motchipa. Wogula weniweni salipiritsa mwini katundu. Maginito amene amayendayenda nawo sanena zambiri: amakoka ndalama za mu 2012 chifukwa m'kati mwake ndi chitsulo wamba, koma sakoka siliva, sakokanso mkuwa wosakaniza ndi nickel, ndiye kusakokedwa si umboni wa siliva.

Cholakwika chimene chimawononga ndalama zambiri kuposa akuba ndi ukhondo. Mtima wathu umafuna kuti chakale chiwale, ndiye timathamangira phulusa, mchenga, mandimu kapena sitiliwulu ngati tikutsuka poto. Zimenezi zimachotsa khungu la pamwamba n'kusiya timizere tosawerengeka, ndipo wosonkhanitsa akangoona kuwala kwachilendoko amadziwa kuti yatsukidwa, n'kutsitsa mtengo. Kuda kumene ndalama imatenga ndi zaka si litsiro. Ngati ili ndi dothi, madzi oyera ndi kuiumitsa pa nsalu yofewa popanda kupukuta n'zokwanira. Igwireni m'mphepete, chifukwa thukuta la chala limasiya chidindo chosachoka. Mdani wina kuno ku Mulanje ndi chinyontho. Makobidi amkuwa akasungidwa m'chitini chadzimbiri pansi pa denga lodontha amamera zobiriwira zimene zimadya chitsulo n'kufalikira kwa anzake. Iliyonse ikhale m'kaenvulopu kake ka pepala louma, osati m'majumbo kapena mapulasitiki ofewa amene amatuluka thukuta, ndipo selotepi isayandikire.

Pa envulopupo ndi pamene pali ntchito imene wosonkhanitsa wa ku London sangaigwire. Iye amadziwa chaka, kulemera ndi chiwerengero chimene chinasulidwa, koma sadziwa kuti tiki iyi inabwera ndi ndani, kuchokera mgodi uti, ndiponso chifukwa chimene sinagwiritsidwe ntchito. Ife tingafunse. "Agogo, iyi munaipeza bwanji? Inkagula chiyani?" Mayankho ake amatuluka ndi mayina a minda ya tiyi, a makapitawo, a masitolo a amwenye amene anatsekedwa kalekale, mtengo wa nsalu ya chilundu, ndalama imene inaperekedwa kwa ankhoswe. Lembani dzina la wofotokoza, mudzi ndi tsiku. Ndipo tipemphe, tisangotenga. Makobidi ena ndi chikumbutso cha mwamuna amene sanabwerere ku Joni, ndipo mwini wake ali ndi ufulu wokana ngakhale mdzukulu wophunzira. Akakana, chithunzi cha pa foni cha mbali zonse ziwiri chimakwanira.

Amene alibe chitini choyambira asadandaule. Njira yotchipa kwambiri ndi kusankha mutu umodzi n'kuutsatira: 10 tambala ya chaka chilichonse chimene inasulidwa, kapena nyama zonse zimene zinaonekapo pa ndalama za Malawi, kapena ndalama imodzi ya dziko lililonse loyandikana nafe. Kusinthana kumathandiza, popeza pa koleji pamakumana a ku Karonga amene ali ndi za ku Tanzania, a ku Mchinji ndi ma ngwee a ku Zambia, ndi ife a kumalire a Mozambique. Mwambo wa anzathu a ku Ulaya woonjezera ndalama imodzi Disembala aliyense ungatheke popanda kuitanitsa ya chipale chofewa pa mtengo wa thumba la chimanga.

Zimene tingafulumire kusunga ndi za mu 2012 zija. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi magawo 44 mu Novembala 2023, ndipo pamene ndalama yapepala yafika pa K5,000, K1 yachitsulo yasowa chogula. Pa msika wa Nkando wogulitsa tomato kapena wakabaza sawerengeranso zachitsulo, m'magolosale tchenji chaching'ono chimabwezedwa ndi switi, ndipo ana amazitola pansi n'kumakaseweretsa. Umu ndi mmene 1 tambala inazimiririka ife tikuona. Zowala bwino, zosakandika, zikupezekabe m'madirowa a m'masitolo ndi m'mabanki, ndipo zonse zitatu pamodzi ndi K16 yokha.